Tikaime pa Shimabala

Tamala mwana wanga,

Ndakhala pakhonde masana ano pamene iwe uli ku Nangongwe kukalukitsa tsitsi ndi kutsazika anzako. Ndasankha kulemba chifukwa tikamakambirana pakamwa umandidula mawu, nanenso ndimakudula. Tonse awiri tinazolowera kuimirira kutsogolo anthu ena ali chete, ndiye m'nyumba muno simukhala womvera. Kalatayi uiwerenge lero lomwe. Usaisunge kuti ukaiwerengere m'ndeke, chifukwa chachikulu chimene chilimo chiyenera kuchitika tisanafike ku Lusaka.

Dzana unandipeza ndikupukuta lipenga langa lakale, nundifunsa kuti, "Atate, ndichotse kapena ndisiye?" Ine ndinati tiye tikadye, nshima ikupola. Kumeneko sikunali kuyankha, ndikudziwa. Yankho ndi lino, ndipo uleze mtima, chifukwa lidutsa m'njira zokhota.

Ndiyambe ndaiyala nkhaniyi, tione ngati tikuiona mofanana. Unapeka nyimbo yaitali ya okestra, gulu lalikulu lija la mavayolini, malipenga ndi ng'oma, ndipo ndi imeneyo yakutsegulira khomo kusukulu ya ku Ulaya. Akuti udzaitsogolera wekha pamaso pa anthu. Pakati pake unaikamo nyimbo ya kwawo kwa malemu amai ako, ija amaimba azimayi a kumudzi kwawo ku Katete potulutsa bokosi m'nyumba ya maliro. Unaimva kamodzi kokha, tsiku limene tinatulutsa amai ako a Zelipa. Anaiyambitsa ndi mkulu wawo, amai ako aakulu a Esnati a ku Shimabala, omwe anakulera iwe pamene ine ndinali kuthamanga ndi mashifiti kufakitale. Atamva zimene wachita anangoti, "Maliro a mng'ono wanga akawaombere m'manja azungu?" Chiyambire pamenepo sayankha foni yako. Ndiye mawa ukuchoka, mwina kwa zaka, osatsazikana ndi munthu amene anakubereka kumsana. Nkhani ndi imeneyi, zina zonse ndi nkhani za masutikesi.

Nyimbo zakozi, ndinene zoona, si zimene ndinakuphunzitsa. Ine ndinakupatsa kalipenga kakang'ono uli kamwana, ndinkati udzaguba ndi bandi. Iwe wapita kukapeka nyimbo zoti munthu sangaziimbe ndi likhweru popita kumsika. Vayolini kukwecha ngati chitseko cha dzimbiri, malipenga kufuza mpweya wokhawokha ngati mapaipi a nthunzi, kenako phokoso la sitima ikamawoloka mlatho wa pa Kafue. Nditamva koyamba ndinaganiza kuti foni yawonongeka. Nditamva kachitatu ndinazindikira kuti ndi tauni yathu ino imene waiika pa pepala. Ntchito ukuidziwa, ndipo pa kalembedwe unandipitirira kalekale. Ndilibe chokuphunzitsa pa manotsi. Chimene ndili nacho ndi zaka zimene ndinaimirira kutsogolo kwa anthu onyamula zoimbira, ndi zophonya zimene ndinaphonya pamenepo.

Ulendo woyamba kugwira kamtengo kotsogolera bandi, bandimasta wathu wa bandi ya kufakitale anali atagonekedwa kuchipatala, ndipo panali perete. Anandiloza ine. Ndinathera mlungu pagalasi, kuphunzira kugwetsa dzanja mokongola, chigongono pano, chibwano apo. Pa tsikulo tinafola pamsewu, akuluakulu ali pamthunzi, ana a sukulu ali mbuu m'mbali. Ndinagwetsa kamtengo, maso anga ali pa dzanja langa lomwe. Kunalira ng'oma yaikulu yokha. Gu! Basi. Malipenga onse zii. Ana aja anaseka mpaka ena kukhala pansi. Ba Chanda, awa ukuwadziwa a thiromboni, anatsitsa lipenga lawo nanena poyera kuti, "Iwe Yotamu, manje tizayamba shani? Sunapeme na ise. Kamtengo kako sikalila, mune." Anali kufunsa kuti ayamba bwanji, poti sindinakoke nawo mpweya. Munthu wa lipenga sayamba chifukwa dzanja latsika. Amayamba chifukwa dzanja linakwera poyamba, wotsogolera n'kumuyang'ana m'maso, n'kukoka naye mpweya. Kukwera kwa dzanjako ndi kupempha. Ukapanda kupempha, ungagwetse dzanja mpaka phewa kuguluka, sudzamva kanthu.

Usaiwale zimenezi, Tamala: kamtengo sikalira. Pa anthu onse amene adzakhale pansanja, iwe wekha ndiwe udzakhale wopanda mawu. Chilichonse chimene anthu adzamve chidzatuluka m'kamwa ndi m'zala za ena.

Kumene ukupitako ukapeza oimba achikulire, ena anayamba kukwecha vayolini iwe usanabadwe. Adzakuyesa. Wina adzaliza noti yolakwika dala kuti aone ngati makutu ako ali ndi ntchito. Ife tinkachita zomwezo kwa aliyense watsopano, ndipo sindikhulupirira kuti azungu ndi angelo. Ukaimva usakalipe, usachitenso ngati sunamve. Umutchule dzina mwaulemu, unene noti yoyenera, mupitirize. Mutu ukakula sulewa nkhonya. Udziwe mayina a iwo okhala kumbuyo, a ng'oma ndi a malipenga aakulu, amene amakhala nthawi yaitali osaliza kanthu akudikira malo awo. Ndipo pophunzitsa uzimaliza pa nthawi yake. Ine ndinkasunga anthu ochokera kushifiti mpaka njala kuwalanda milomo, ndikuganiza kuti ndiko kulimbikira. Munthu wanjala amaliza lipenga motsika, palibe chinsinsi china.

Adzakuuzanso kuti uikemo ng'oma zambiri kuti zimveke za ku Africa. Nyimbo ikafuna ng'oma uike, ikapanda kufuna uwaseke pang'ono, upitirize ntchito yako. Juzi yaubweya ija ndakuikira pamwamba m'sutikesi yaikulu, usaichotse poti ndi yachikale.

Chaka china ndinapekera kwaya ya kutchalitchi nyimbo ya Lachisanu Loyera. Pamene mawu amati Ambuye atsirizika, ndinaikapo chete wamtali, kuti anthu amve kulemera kwake tisanayambenso. Ndinkanyadira malo amenewo kuposa nyimbo yonse. Pa tsikulo kwaya itangokhala chete, ine ndinatsitsa manja kuti ndipukute thukuta. Amayi ena kumbuyo anaganiza kuti tamaliza, anayamba nthungululu. Akatekisiti nawo anadzuka ndi zolengeza zawo: "Azimayi a chigawo cha kumsika, Loweruka ndi inu osesa." Kwaya inangoti kakasi, kundiyang'ana. Ndinapita kunyumba nditafufuma, ndipo madzulo omwewo ndinafufuta chete uja, ndinalumikiza nyimbo kuti iziyenda osaima. Inaimbidwanso kangapo, bwinobwino, popanda wosokoneza. Lero palibe amene amaikumbukira, ngakhale ine mwini ndimaiwala pakati pake. Ndinachotsa mtima wake chifukwa cha phokoso la tsiku limodzi. Chonsecho vuto silinali chete uja. Vuto linali manja anga. Ndikanawasiya m'mwamba, palibe akanayerekeza ngakhale kutsokomola.

Tsono mbali imodzi ya yankho langa ndi iyi: usachotse chinthu m'nyimbo chifukwa choti wina wakwiya. Mkwiyo si chifukwa chokwanira. Komanso za kuomba m'manja zimene a Esnati akudandaula, zili m'manja mwako momwemo. Anthu saomba wotsogolera asanatsitse manja. Ungawasunge chete nthawi imene ukufuna, bola msana wako ukhale wotsimikiza.

Koma usathamange, sindinamalize.

Ntchito imeneyi ili ndi nyengo zake. Fakitale itayamba kufooka, bandi ndiyo inayamba kufa. Malipenga anatsekeredwa m'chipinda, anzanga ena anabwerera kumudzi, ena anapita kukagula nsomba kumtsinje n'kumagulitsa. Ine ndinkaliza m'maukwati ndi pa zikondwerero za ana a sukulu ya mkaka, nditavala jekete la bandi lomwe mabatani ake anali atatha. Ndinaleka kupeka, ndinati adzaimba ndani. Pamene achinyamata a kutchalitchi anapeza malipenga awo n'kubwera kudzandipempha nyimbo zatsopano, ndinapeza dzanja litauma. Iwe uzilemba ngakhale pamene palibe woimba. Kudzakhala zaka zoti foni siilira. Walira mvula walira matope. Ndipo nyimbo imene yakutengera ku Ulayayi usaiyese kuti ndiwe wonse. Nyimbo imodzi sachezera gule. Ndanena dala zimenezi, udzaona chifukwa chake kumapeto.

Tsiku la maliro a amai ako unali wamng'ono, ndipo unali m'nyumba ndi azimayi, choncho za panja sunazione. Ine ndinali nditakonza zonse ngati konsati. Ndinasankha nyimbo, ndinagawa mawu anayi, ndinauza kwaya poima. Ndinkaganiza kuti ndiyo mphatso yomaliza imene mwamuna wa ntchito yanga angapatse mkazi wake. Nthawi yotulutsa bokosi itakwana ndinadzuka, ndinaima kutsogolo kwa kwaya, ndinakweza dzanja. Ukudziwa mwambo wa chimbuya: pa maliro a ife a kum'mawa, Abemba ndiwo amagwira ntchito zonse, kukumba, kuphika, kunyamula, ndipo ali ndi ufulu wotinyoza mmene angafunire. Ba Chanda, mmodzi wa Abembawo, anabwera kumbuyo kwanga, anandigwira m'chiuno ngati thumba la feteleza, anandikhazika pansi pafumbi. Mkazi wawo anandithira ufa kumutu mpaka m'makutu. "Nkala pansi, mbuya," anatero ba Chanda. "Lelo suli bandimasta. Lelo ndiwe wofedwa. Aba bantu ba ku Chipata, na pa malilo afuna kulamulila!" Anthu anaseka, ena akulira. Ine ndinakhala pomwepo, woyera mbuu ngati mbewa yogwera m'nkhokwe ya ufa.

Ndili pansi pomwepo, nyimbo ija inayamba m'nyumba. Panalibe wopereka noti, panalibe wowerenga. A Esnati anaiyamba motsika kwambiri, potsika poti kwaya iliyonse ikanakana, ndipo azimayi anayankha. Pakati pake mawu awo anaduka, analephera kupitiriza. Azimayi aja sanawalande nyimbo. Anadikira. Bokosi linaima pakhomo m'manja mwa onyamula, nawonso anadikira, mpaka a Esnati anapezanso mpweya. M'mapepala ako ndinaona kuti pamalo amenewo sunalembe kuti oimba awerenge kangati. Unangolemba kuti adikire. Unali kamwana, koma unamva bwino. Pamenepo ndinavula chipewa.

Chimene ndinaphunzira pa fumbi lija n'chakuti pali nyimbo zina zimene mwini wake si amene amadziwa manotsi. Ndipo apa ndi pamene funso lako linalakwika khomo. Wandifunsa ine, koma ine ndine mkamwini. Kwathu mwana ndi wa kuchikazi, ndipo nyimbo imeneyi imayenda ndi azimayi a mbumba ya amai ako. Ndingakupatse lipenga, ndingakupatse dzina, ndingakuperekeze kubwalo la ndeke. Nyimbo iyi sindingakupatse, si yanga. Ndikanati "siya momwemo," mawu angawo akanakhala ngati kugawa mbuzi ya eni.

Mlungu watha, osakuuza, ndinakwera minibasi kupita ku Shimabala. Ndinawapeza a Esnati kudimba akuthirira repu. Anandipatsa chidebe chovundikira kuti ndikhalepo, iwo osaleka ntchito. Ndinayamba kufotokoza za sukulu, za mwayi, za mmene dzina la banja lidzamvekere kutali. Anandisiya ndilankhule mpaka malovu kuuma. Kenako anaika kheni pansi.

"A Yotamu, mwamaliza?"

Ndinati ndamaliza.

"Inu mukuganiza kuti ine ndikulimbana ndi manja a azungu? Aombe, manja ndi awo. Nyimbo ija siimbidwa popanda bokosi. Ikaimbidwa popanda bokosi, imakafuna lake. Tsono wokwera ndeke ndani? Wokakhala yekha kutali, kopanda mbale, ndani? Ndinaika Zelipa. Mukufuna ndiikenso mwana wake?"

Wamva? Iwe wakhala ukuwatumizira mauthenga aatali pafoni, theka Chizungu, kuwauza za kusunga chikhalidwe. Umayankha mkwiyo, pamene iwo ali ndi mantha. Ine zoti nyimbo ingaitane imfa sindizikhulupirira, ndipo iwenso ndikudziwa suzikhulupirira. Koma amene sagona tulo chifukwa cha iwe si ine ndekha, ndipo munthu wotero sumugonjetsa ndi mfundo.

Ndinawafunsa funso limodzi. Ndinati, "Nanga inu amai, ngati siimbidwa popanda bokosi, munaiphunzira bwanji? Pa maliro pokha munthu sangaigwire yonse." Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka kudazi. "Zimenezo si za amuna," anatero, n'kutolanso kheni yawo. Ndinabwerako ndi repu wa m'pepala ndi mawu amenewo basi.

Ndaganiza za mawu amenewo masiku onsewa. Sanati njira palibe. Anati si ya amuna. Ndiye kuti ilipo njira imene amai awo anawapatsira nyimboyi, ndi zoyenera kuchita kuti isavulaze munthu, ndipo njira imeneyo sangaiuze mkamwini wokhala pa chidebe. Angaiuze mwana wamkazi wa mng'ono wawo. Iwe nyimboyi unaitola ndi khutu, uli kuseri kwa zitenje za azimayi. Sunapatsidwe. Ndipo ndikukayika ngati uli nayo yonse, chifukwa tsiku lija bokosi litangotuluka pakhomo kwaya inalowerera ndi nyimbo za tchalitchi. Wagwetsa kamtengo usanakweze dzanja, mwana wanga, ndiye ukudabwa kuti kuli zii.

Tsono mawa zikhala chonchi. Ba Chanda abwera ndi galimoto yawo m'mamawa, kusanatenthe, nthawi ya ndeke ikadali kutali. Shimabala ili panjira, tikaima. Uvale chitenje pamwamba pa thalauzi lako. Foni ndi mapepala a nyimbo uzisiye pampando. Ukalowa ugwade, uwapatse moni wonse osadumpha, uwatsazike monga mwana amatsazikira mayi. Usapemphe chilolezo choimbira nyimbo ku Ulaya, ndipo usafotokoze chilichonse za okestra. Unene kuti, "Amai, nyimbo ya kwathu ndinaitenga osapatsidwa. Ndiphunzitseni." Ukatero utseke pakamwa. Apa ndi pamene ndikukuopera, chifukwa ndiwe mwana wanga ndipo chete amakuyabwa. Adzakhala nthawi osayankha. Mwina adzatuluka kukaona nkhuku. Usadzaze malowo ndi mawu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Akakuphunzitsa, uchite zonse zimene adzanene, ngakhale zitaoneka zachilendo pansanja ya ku Ulaya. Akati utchule dzina, utchule. Akati pasakhale kuomba m'manja, ukudziwa kale mmene angaletsedwere. Akati mbali ina isatuluke m'nyumba, isatuluke.

Akakana, uichotse. Ndanena poyera kuti usadzati atate anazungulira. Ndikudziwa mtengo wake. Aphunzitsi ako anakonda malo omwewo, ndipo mwina adzakwinya nkhope, mwina adzapatsa wina tsiku lako lotsogolera nyimbo. Zidzawawa. Koma uli ndi zaka zambiri zopeka, ndipo mutu umene unatulutsa nyimbo iyi udzatulutsa zina. Ndinati usachotse chinthu chifukwa cha mkwiyo wa munthu, ndipo sindikubweza mawuwo. Koma ukapempha mwini chinthu, iye n'kukana, chimenecho si chako, ngakhale utachilemba bwino chotani. Ukakwere ndeke utatsazika, ndi nyimbo yoperewera. Usakwere ndi nyimbo yathunthu, kumbuyo utasiya mayi akuwerenga masiku kudikira uthenga woipa.

Ine sindidzalowa. Ndidzatsala m'galimoto ndi ba Chanda, azindinyoza za anthu a ku Chipata ndi mbewa zathu. Mwambo suloleza mkamwini pa zotere, ndipo ndikuuze zoona, mwambowo wandikomera. Ndidzatseka mawindo onse. Akavomera adzaimba, ndipo ine mawu aja sindinawamvenso chiikire amai ako. Ndikuopa kuwamva, Tamala. Ndaimirira kutsogolo kwa malipenga moyo wanga wonse, koma mawu a mayi mmodzi wokalamba ndikuwaopa.

Usayang'ane wotchi uli m'nyumbamo, ndipo ukamva hutala usatuluke, adzakhala ba Chanda ndi kusaleza kwawo. Ndeke ikatisiya tidzafuna ina, zimanyamuka tsiku lililonse. Amene akuidziwa nyimboyi mpaka kumapeto atsala amodzi, ndipo miyendo yawo yayamba kutupa.

Ndine atate ako,
Yotamu